Mmene Mungapezere Malo mu Kompyuta Yodzaza Popanda Kutaya Mafayilo Ofunika

Kompyuta ikayamba kuchenjeza kuti malo atsala pang'ono kutha, anthu ambiri amathamangira kufufuta zimene zili pafupi ndi maso, monga makalata akale ofunsira ntchito, zithunzi ziwiri zitatu, kapena nyimbo zochepa, ndipo akamaliza amadabwa kuona kuti kamzere koonetsa malo pansi pa disiki C, yomwe ndi disiki yaikulu ya m'kompyuta, kadakali kofiira monga poyamba. Ena amapitirira pamenepo n'kulowa m'mafoda amene sakuwadziwa, n'kufufuta chilichonse chooneka chachilendo, kenako m'mawa mwake kompyuta imakana kuyaka. Njira zonse ziwirizi zimachokera pa cholakwika chimodzi, chomwe ndi kufufuta usanaone chimene chadya malo. Malangizo awa ndalembera makamaka amene tili kuno ku Johannesburg ndipo tikugwiritsa ntchito Windows 10 kapena Windows 11, popeza ambiri a ife kompyuta imodzi yomweyo ndiyo ikusunga mapepala okhalira m'dziko lino, ntchito za kusukulu, mawerengero a bizinesi ndi makanema a kumudzi, moti kulakwitsa kamodzi kukhoza kutayitsa zinthu zimene sizingapezekenso.

Musanayambe, lumikizani laputopu kumagetsi ndipo onetsetsani kuti batire ili ndi moto wokwanira, chifukwa magetsi akazima pakati pa kukopera mafayilo kapena pamene Windows ikuyeretsa mafayilo ake, ntchitoyo imathera panjira ndipo fayilo yokopedwa theka imaoneka ngati yathunthu mpaka tsiku limene mudzafune kuitsegula. Ngati ndi kompyuta yapatebulo yopanda batire, sankhani nthawi imene mukudziwa kuti dera lanu silili pa ndandanda ya kuzimitsa magetsi. Patulaninso ola limodzi kapena awiri, osati mphindi zisanu za m'mawa mukuthamangira takisi.

Yambani ndi kuona chimene chadya malo

Dinani batani la Windows pamodzi ndi chilembo I kuti mutsegule Settings, kenako pitani pa System ndi kusankha Storage. Dikirani pang'ono kuti kompyuta imalize kuwerengera, ndipo idzakuonetsani mmene malo agawikira: mapulogalamu atenga ochuluka bwanji, mafayilo osakhalitsa atenga angati, makanema, zithunzi ndi zikalata zatenga angati. Lembani pa pepala malo amene atsala panopa, kuti pamapeto mudzadziwe ngati ntchito yanu yapindula.

Pano m'pofunika kumvetsa kukula kwa zinthu. Kalata yofunsira ntchito yolembedwa mu Word kawirikawiri sifika ngakhale megabaiti imodzi, chithunzi chojambulidwa ndi foni chimakhala ndi mamegabaiti ochepa chabe, pamene kanema wathunthu wa ukwati kapena wa chinkhoswe akhoza kudya magigabaiti angapo payekha, ndipo gigabaiti imodzi ndi mamegabaiti pafupifupi chikwi chimodzi. Zili ngati katundu wa pa basi yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre: chimene chimalemetsa sikelo ndi firiji ndi matumba akuluakulu, moti munthu wochotsa masokosi m'chikwama sachepetsa mtengo. Mutafufuta makalata mazana asanu, simungapeze malo amene mungapeze pochotsa kanema mmodzi wamkulu. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti zikalata zing'onozing'ono muzisiye momwe zilili, pakuti n'zimene zili zofunika kwambiri pa moyo wanu koma n'zimenenso sizidya malo.

Musadabwenso mukaona kuti disiki imene munagula yolembedwa 256 GB ikuonetsa pafupifupi 238 GB, kapena ya 1 TB ikuonetsa pafupifupi 931 GB. Palibe amene wakuberani, ndipo palibe fayilo yobisika imene mungafufute kuti malowo abwerere. Opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024, ndipo kusiyanako kumachokera pamenepo basi.

Sungani kwina zimene simungazipezenso

Ili ndilo gawo limene anthu amalidumpha, koma ndilo limachititsa kuti zotsatira zonse zikhale zosaopsa. Pangani foda imodzi yatsopano, muipatse dzina lomveka bwino, ndipo muikemo makope a zonse zimene zitatayika mungavutike kuzipezanso muli kuno: chithunzi cha pasipoti ndi masamba a pemiti, makalata a ku Home Affairs, chiphaso cha unzika cha kwathu, masatifiketi a sukulu monga ya MSCE, mapangano a ntchito ndi a lendi ya nyumba, mapepala a malipiro, malisiti otumizira ndalama kumudzi kudzera ku Mukuru kapena Hello Paisa, ndiponso mapepala a malo kapena nyumba imene mukumanga kwathu. Amene mumapereka malipoti a msonkho ku SARS kumbukirani kuti lamulo limafuna kuti mapepala ochitira umboni asungidwe kwa zaka zisanu kuchokera pamene munapereka lipotilo, choncho malisiti akale a bizinesi si zinyalala ayi. Pambuyo pa mapepala pabwere zithunzi ndi makanema a banja, makamaka a anthu amene anatisiya.

Zinthu zimenezi zikhale m'malo awiri osiyana musanafufute chilichonse. Malo oyamba akhoza kukhala disiki yakunja yolumikiza pa USB, achiwiri akhoza kukhala pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB kwaulere, koma malowo amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos, pamene OneDrive ya Microsoft imapereka 5 GB. Malo amenewa amakwanira bwino mapepala onse, koma sangakwanire makanema, ndipo kukweza makanema ndi bandulo ya pafoni kumamaliza deta mwamsanga, moti ndi bwino kudikira pamene muli pa Wi-Fi yopanda malire.

Pa nkhani ya fulashi ndikufuna kuchedwapo pang'ono, chifukwa pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa mafulashi achinyengo amene amagulitsidwa motchipa m'misewu ndi pa intaneti. Fulashi yotere imalembedwa kuti ndi ya 128 GB kapena kuposerapo, ndipo mukailowetsa m'kompyuta imaonetsadi nambala imeneyo, koma m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Mukakopera makanema, mayina onse amaoneka bwinobwino pamndandanda, kukula kwake kumaonekanso kolondola, koma mukadina kuti muonere, kanemayo amakana kutseguka chifukwa zimene zinapitirira malo enieni sizinasungidwe konse. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso kuti kaone ngati malowo alipodi, ndipo ndi bwino kuyesa fulashi yatsopano isanalandire chilichonse chamtengo wapatali. Msampha wachiwiri ndi wakuti mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mu dongosolo la FAT32, lomwe silivomera fayilo imodzi yofika 4 GB. Kompyuta ikakuuzani kuti fayilo ndi yaikulu kwambiri pamene fulashi ili ndi malo ambiri, vuto ndi limenelo, ndipo mankhwala ake ndi kuisintha kukhala exFAT kapena NTFS podina kumanja pa fulashiyo n'kusankha Format. Dziwani kuti Format imafufuta zonse zimene zili pa fulashiyo, choncho muichite ili yopanda kanthu, ndipo muonetsetse kawiri kuti mwasankha chilembo cha fulashi, osati cha disiki ina.

Mukamaliza kukopera, musakhutire ndi kuona mayina okha. Tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa disiki yakunjayo, seweretsani kanema mpaka chakumapeto kwake, tsegulani chikalata cha pasipoti muone ngati chikuwerengeka. Kenako chotsani disikiyo mwadongosolo posankha Eject musanaizule.

Lolani Windows iyeretse zinyalala zake

Tsopano bwererani ku Settings, System, Storage, ndipo dinani pa Temporary files. Kompyuta idzasanthula kwa kanthawi, kenako idzaonetsa mndandanda wokhala ndi timabokosi tochonga. Werengani mzere uliwonse musanadine Remove files. Zinthu monga Temporary files, Thumbnails, Delivery Optimization Files, Temporary Internet Files ndi DirectX Shader Cache mukhoza kuzichonga mosadandaula, pakuti Windows imazipanganso yokha ikazifuna. Windows Update Cleanup ndi zotsalira za kukonzanso kwakale kwa Windows, ndipo nthawi zambiri zimabweza malo ochuluka, kungoti kuzichotsa kumatenga nthawi yaitali ndipo kumaoneka ngati kwaima pamene kukugwirabe ntchito. Musazimitse kompyuta pamenepo.

Mizere itatu ifunika kusamala nayo. Woyamba ndi Downloads. Mukachonga kabokosi kameneka, zonse zimene munatsitsapo pa intaneti zimapita nthawi imodzi, ndipo ambiri a ife m'foda imeneyi ndi mmene muli ma sitetimenti a kubanki, makalata oitanira ku intavyu ndi mapepala amene abale anatitumizira. Kabokosi kameneka kasiyeni kosachonga, foda ya Downloads tidzaiyeretsa ndi manja. Wachiwiri ndi Recycle Bin, momwe mumayamba mwagwera zimene mwafufuta, umene muyenera kuutsegula kaye n'kuona zili m'menemo, makamaka ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito ndi ana kapena anzanu a m'nyumba. Wachitatu ndi Previous Windows installation, yomwe ndi foda yotchedwa Windows.old imene imatsala kompyuta ikasamuka kuchoka ku Windows yakale kupita ku yatsopano. Foda imeneyi imakhala yaikulu kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kukulolani kubwerera ku Windows yakale ngati yatsopanoyo ikuvuta. Windows imaichotsa yokha pakatha masiku 10. Ngati mwangosamuka kumene ndipo simunayese pulinta, mawu ndi Wi-Fi, idikireni. Ngati zonse zikuyenda bwino, ichotseni kudzera pa kabokosi kameneka, osati poikokera ku Recycle Bin.

Pali chida china chakale chotchedwa Disk Cleanup chimene chimagwira ntchito yofananayo. Mumachipeza polemba dzina lake pa malo ofufuzira, ndipo kuti chionetse zonse muyenera kudina Clean up system files. Ngati mwachita kale za mu Settings, sichidzapeza zambiri zatsopano.

Pa tsamba lomwelo la Storage mudzaona Storage Sense, imene imayeretsa yokha nthawi ndi nthawi. Ndi bwino kuiyatsa, koma lowani m'kati mwake muone zimene yauzidwa kuchita. Ya Recycle Bin mukhoza kuisiya pa masiku 30, koma ya Downloads ikhale pa Never, kuti isadzafufute chikalata chofunika pa chifukwa chongoti mwakhala miyezi iwiri osachitsegula.

Mapulogalamu osagwiritsidwa ntchito

Pitani ku Settings, Apps, ndipo musankhe Installed apps pa Windows 11 kapena Apps & features pa Windows 10. Sanjani mndandandawo malinga ndi kukula kuti zazikulu zibwere pamwamba. Masewera a pakompyuta ndiwo kawirikawiri amatsogola, kenako mapulogalamu okonzera makanema ndi zithunzi amene munaika kamodzi n'kuwaiwala. Amene munagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito mudzapezanso mapulogalamu a mwini wake woyamba. Chotsani pulogalamu podina Uninstall nthawi zonse. Kufufuta kachizindikiro kake pa sikirini sikuchotsa pulogalamuyo, ndipo kufufuta foda yake mu Program Files kumasiya zidutswa zimene zimadzasokoneza mtsogolo.

Mudzaona mizere yambiri yofanana yolembedwa Microsoft Visual C++ Redistributable yokhala ndi zaka zosiyanasiyana. Si kubwereza kopanda pake, mapulogalamu osiyana amadalira mitundu yosiyana, ndipo malo amene imatenga ndi ochepa. Isiyeni, pamodzi ndi chilichonse chokhala ndi dzina la Intel, AMD, NVIDIA kapena Realtek, pakuti zimenezi ndizo zimayendetsa sikirini, mawu ndi intaneti. Ngati pulogalamu ndi yogula, monga ya mawerengero a bizinesi, onetsetsani kuti muli ndi nambala ya laisensi yake komanso kuti mwatulutsamo deta yanu musanaichotse.

Mafayilo anu akuluakulu

Apa ndi pamene malo ambiri amapezeka. Dinani batani la Windows pamodzi ndi E kuti mutsegule File Explorer, lowani m'foda yokhala ndi dzina lanu pansi pa Users mu disiki C, ndipo pa malo ofufuzira a pakona yakumanja lembani size:>500MB. Kompyuta idzatulutsa fayilo iliyonse yoposa mamegabaiti 500. Sankhani kaonekedwe ka Details ndi kudina pamutu wa Size kuti zisanjike kuyambira yaikulu. Amene mukufuna kuona zonse mwa chithunzi mukhoza kugwiritsa ntchito mapulogalamu aulere monga WinDirStat, WizTree kapena TreeSize Free, amene amaonetsa foda iliyonse ndi kukula kwake, koma muwatenge pa tsamba lenileni la opanga ake, ndipo muwagwiritse ntchito poona chabe, osati pofufuta chilichonse chachikulu chimene aonetsa, chifukwa amaonetsanso mafayilo a Windows amene sayenera kukhudzidwa.

Pa fayilo iliyonse yaikulu dzifunseni funso limodzi: kodi itapita, ndingaipezenso kwina? Mafilimu, maulaliki ndi nyimbo zimene zilipo pa YouTube mukhoza kuzifufuta popanda mantha. Mafayilo oikira mapulogalamu, amene mayina awo amathera ndi .exe, .msi kapena .iso, ntchito yawo imatha pulogalamu ikaikidwa, ndipo nthawi zambiri atsopano ake amapezeka pa intaneti. Mafayilo a .zip amene munawamasula kale amatanthauza kuti muli ndi chinthu chimodzi kawiri. Koma kanema wa maliro a kholo lanu amene mlamu wanu anajambula pa foni imene inatayika kale, kapena wa kwaya ya kumpingo kwanu ku Yeoville kapena ku Turffontein imene mamembala ake ena anabwerera kumudzi, ameneyo sapezekanso kwina kulikonse. Wotereyo samafufutidwa, amasamutsidwa, ndipo amasamutsidwa pokopera kaye, kuyesa kope latsopanolo, kenako n'kufufuta la m'kompyuta. Pewani kugwiritsa ntchito Cut pa mafayilo ofunika, chifukwa waya ukagwedezeka pakati pa ntchito zimavuta kudziwa kuti zimene zawoloka ndi ziti ndipo zatsala ndi ziti.

Mu foda ya Downloads mudzapeza mafayilo a dzina limodzi otsatizana, lina lili ndi nambala 1 kumapeto, lina 2, lina 3, chifukwa nthawi iliyonse imene munadina chikalata mu imelo kompyuta inatsitsanso china. Ngati kukula kwake ndi kofanana ndendende, nthawi zambiri chimakhala chinthu chimodzi ndipo mukhoza kusunga chimodzi chokha. Ngati kukula kukusiyana, tsegulani zonse muone, chifukwa chikhoza kukhala chikalata chimene chinakonzedwanso. Chimodzimodzinso ndi zithunzi zochokera pafoni: munthu amene amakopera foda yonse ya DCIM, momwe foni imasunga zithunzi za kamera, ndi ya WhatsApp mwezi uliwonse m'foda yatsopano amakhala ndi zithunzi zomwezo kangapo. Pali mapulogalamu ofufuza mafayilo obwerezedwa, koma ine sindiwalola kufufuta okha, ndipo sindiwalozetsa pa disiki C yonse, koma pa mafoda a zithunzi ndi makanema okha.

Amene munalumikizapo iPhone pa kompyuta kudzera mu iTunes, fufuzani foda yotchedwa MobileSync, momwe mumakhala makope athunthu a foni, mwinanso a foni imene munagulitsa kalekale. Makope oterewa ndi bwino kuwachotsa kudzera mu iTunes momwemo, pa Preferences ndi Devices, pomwe mumaona dzina la foni ndi tsiku la kope lililonse.

Samalani ndi OneDrive

Pa makompyuta ambiri atsopano, mafoda a Desktop, Documents ndi Pictures amakhala olumikizidwa ku OneDrive mwini wake asakudziwa. Anthu amaganiza kuti popeza fayilo ili kale pa intaneti, akhoza kufufuta ya m'kompyuta. Zimenezi si zoona: mukafufuta fayilo m'foda yolumikizidwa, imafufutikanso pa intaneti ndi pa zipangizo zina zonse zolowa mu akaunti yomweyo. Njira yoyenera ndi kudina kumanja pa fayilo kapena foda n'kusankha Free up space. Fayiloyo imachoka pa disiki koma dzina lake limatsala lili ndi kachizindikiro ka mtambo, ndipo mukaidina muli pa intaneti imatsikanso. Mapepala amene mungawafune mwadzidzidzi kumalo kopanda netiweki muwasankhire Always keep on this device. Ngati mwafufuta kale molakwitsa, OneDrive ya munthu payekha imasunga zofufutidwa kwa masiku 30 mu Recycle bin yake ya pa intaneti, ndipo Google Drive nayo imasunga kwa masiku 30 mu Trash.

Zimene simuyenera kukhudza

Foda ya Windows yonse, kuphatikizapo System32 ndi WinSxS, musafufutemo kanthu ndi manja ngakhale ikuoneka yaikulu bwanji, ngakhalenso wina pa gulu la WhatsApp atakuuzani kuti anachita ndipo zinayenda. WinSxS imayeretsedwa ndi Windows Update Cleanup imene tafotokoza kale. Program Files ndi ProgramData ndi za mapulogalamu. Fayilo yotchedwa pagefile.sys imathandiza kompyuta pamene RAM, yomwe ndi memori imene mapulogalamu otsegula amagwiriramo ntchito, yadzaza, ndipo kuichotsa kumachititsa kuti mapulogalamu azitsekeka okha. Foda yobisika ya AppData imasunga makonzedwe ndi deta ya mapulogalamu anu, ndipo mbali yokha imene mungayeretse mosaopa ndi ya Temp, imene mumaifikira podina batani la Windows ndi R n'kulemba %temp%. Ngati kompyuta ikana kufufuta fayilo ina m'menemo chifukwa ikugwiritsidwa ntchito, sankhani Skip. Amene mumagwiritsa ntchito Outlook samalani ndi fayilo yothera ndi .pst, chifukwa ikhoza kukhala kope lokhalo la maimelo anu a zaka zambiri.

Malangizo ambiri amauza anthu kuti azimitse hibernation, yomwe ndi njira imene kompyuta imasungira pa disiki zonse zotsegula isanazime, polemba powercfg /hibernate off mu Command Prompt (zenera lolemberamo malamulo) yotsegulidwa ngati Administrator, kuti fayilo ya hiberfil.sys ichoke. N'zoona kuti zimabweza magigabaiti angapo, koma pa laputopu sindilimbikitsa zimenezi kwa munthu wokhala kumene magetsi amathimathima, chifukwa fayilo imeneyi ndiyo imasunga ntchito yanu yosamaliza batire ikafika kumapeto. Pa kompyuta yapatebulo phindu la kuzimitsa hibernation ndi lomveka. Za System Restore nazonso, ndi bwino kuchepetsa malo amene yapatsidwa polowa pa Create a restore point ndi Configure kusiyana ndi kuizimitsiratu, pakuti ndiyo imapulumutsa munthu pamene pulogalamu yatsopano yasokoneza Windows.

Mukamayenda pa intaneti n'kuona uthenga wothwanima wakuti kompyuta yanu yadzaza ndi zinyalala ndipo mudine apa kuti iyeretsedwe, tsekani tsambalo. Tsamba la pa intaneti silingathe kuona zimene zili pa disiki yanu, ndipo mapulogalamu obwera mwa njira imeneyi amabweretsa zotsatsa malonda, amapempha nambala ya khadi la kubanki, kapena amakhala mavairasi enieni. Mapulogalamu oyeretsa registry, kaundula wa makonzedwe a Windows, nawo sabweza malo ooneka. Zosungidwa ndi Chrome kapena Edge mukhoza kuziyeretsa nokha podina Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi, n'kuchonga Cached images and files yokha, kusiya mapasiwedi ndi ma cookies ngati simukumbukira bwino mawu olowera m'maakaunti anu.

Kwa amene muli ndi shopu kapena kompyuta ya kuntchito

Abale ambiri kuno ali ndi timashopu topulinta ndi kulembera anthu makalata m'madera monga Hillbrow, Mayfair ndi Rosettenville, ndipo makompyuta awo amadzaza ndi makope a mapasipoti, mapemiti ndi ma sitetimenti a makasitomala. Kufufuta zimenezi si nkhani ya malo okha. Lamulo la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu, lodziwika kuti POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, silifuna kuti munthu asunge zikalata za ena kupitirira nthawi imene zikufunika pa ntchito imene anazitengera. Khalani ndi foda imodzi ya makasitomala, muziiyeretsa madzulo aliwonse pamodzi ndi Recycle Bin, ndipo amene akufuna kuti muwasungire CV yawo anene okha. Ngati kompyuta ndi ya abwana kapena ya kampani, musachotse pulogalamu kapena foda ya ntchito popanda chilolezo, ngakhale ikuoneka yakale. Chotsani zanu zokha, zotsalazo muwauze oyang'anira makompyuta.

Kutsiriza kufufuta

Fayilo imene ili mu Recycle Bin imakhala ikudyabe malo, choncho mafayilo amene mwafufuta ndi manja sadzasintha kwenikweni nambala imene munalemba pa pepala mpaka mutakhuthula. Komabe musafulumire. Zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, tsegulani mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ngati malo akulolani, dikirani masiku angapo musanadine Empty Recycle Bin. Pewani chizolowezi chodina Shift ndi Delete pamodzi, chifukwa chimalambalala Recycle Bin, ndipo dziwani kuti zofufutidwa pa fulashi kapena pa memori khadi sizilowamo konse, zimangopita.

Ngati mwakhuthula kenako n'kuzindikira kuti munali chinthu chofunika, lekani kugwiritsa ntchito disikiyo nthawi yomweyo, osatsitsa kapena kuika chilichonse, chifukwa zatsopano zimalembedwa pamalo pamene panali zakalezo. Pa hadi disiki yakale yozungulira, mapulogalamu monga Recuva kapena Windows File Recovery nthawi zina amabweza fayilo, malinga ngati zobwezedwazo zikusungidwa pa disiki ina. Pa SSD, disiki yamakono yosazungulira imene ili m'malaputopu ambiri a masiku ano, mwayi ndi wochepa kwambiri, chifukwa dongosolo lotchedwa TRIM limauza disiki kuti iyeretseretu malo a fayilo yofufutidwa posakhalitsa. Amene muli ndi Mac, zofanana ndi tsamba la Storage la Windows zili mu System Settings, General, Storage, ndipo foda yoyenera kuipewa ndi ya System ndi ya Library.

File Explorer imasandutsa kamzere kaja kukhala kofiira malo otsala akachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a disiki, ndipo ndi bwino kukhala pamwamba pa mlingo umenewo kuti Windows ipeze potambasulira zokonzanso zake. Ngati mwachita zonsezi koma malo sakukwanirabe, mwina vuto ndi kuchepa kwa disiki yeniyeniyo. Malaputopu ang'onoang'ono otchipa amabwera ndi 32 GB kapena 64 GB yokha ya mtundu wa eMMC, imene imamatiridwa pa bolodi ndipo siisinthika, pamene Windows 11 payokha imafuna disiki yosachepera 64 GB. Pa makina oterewa ikani memori khadi kapena disiki yakunja yokhazikika, kenako mu Storage pezani pamene palembedwa Where new content is saved ndi kulozetsa makanema, zithunzi ndi nyimbo zatsopano kumeneko. Ngati laputopu yanu ili ndi disiki yochotseka, funsani wokonza makompyuta mtengo woikira SSD yaikulupo, mumuuze momveka kuti akopere zonse za pa disiki yakale asanaichotse, ndipo disiki yakaleyo akubwezereni m'manja, chifukwa mapepala anu onse adakali momwemo.